Hamala Ikalira Kawiri

"Mayo ine! Kodi mukuluka kapena mukuzula?"

Mayi amene anali pampando anagwira mutu ndi manja onse awiri. Kamphepo anasiya tsitsi lija msangamsanga n'kupepesa. Kanali kachitatu kupepesa pa mutu umodzi womwewu, chonsecho anali asanafike n'komwe pakati.

"Pepani mayi, dzanja laterereka."

"Dzanja loterereka limakoka chonchi? Taonani pagalasipo, nsidze zakwera mpaka ndikuoneka ngati ndaona mzukwa."

Saluni yonse inafa nalo phwete, kupatula Madamu, mwini malowo, amene anangomuyang'ana Kamphepo kudzera pagalasi. Pa atsikana onse oluka m'saluni imeneyi, Kamphepo ndiye ankadziwika ndi dzanja lofewa. Ana olira ankawapereka kwa iye, ndipo ena ankagona tulo akulukidwa. Koma tsiku limeneli zala zake zinali ngati zobwereka. Chipeso chinkangopulumuka. Phazi lakumanja linkavina lokha pansi pa mpando. Chingamu chimene anaponya m'kamwa m'mawa chinali chitasanduka mphira, koma ankachitafunabe mpaka nsagwada kuwawa.

Linali tsiku lachitatu chisiyireni kusuta, ndipo anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi.

Sankasuta ndudu ayi. Ndudu anazisiya kalekale chifukwa cha fungo, poti mtsikana wonunkha fodya anthu amamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Chimene ankasuta chinali kaveipu, kachitoliro kamagetsi kaja kotulutsa nthunzi yonunkhira mango. Kanali kakang'ono, kofiira, koti munthu n'kukayesa lipisitiki. Zaka zisanu kankakhala m'thumba la epuloni yake, kakatha n'kugula kena, ndipo ankadziuza kuti ameneyu si fodya, ndi nthunzi chabe ngati ya m'ketulo. Tsopano m'thumbamo munalibe kanthu, koma dzanja linali lisanamve uthengawo. Pakangopita kanthawi linkalowamo, kufufuza m'makona monse, n'kutuluka chimanjamanja.

Mnzake woluka pampando wachiwiri anatulukira khomo lakuseri, monga ankachitira awiriwa akamaliza mutu uliwonse. Pobwerera, fungo la mango linabwera naye. Kamphepo anamva malovu akudzaza m'kamwa.

"Ukuoneka ngati nkhuku yosowa poikira," mnzakeyo ananong'ona. "Tapita kuseriko ukakoke kamodzi kokha. Kanga ndakasiya pawindo. Kamodzi sikapha munthu."

"Ndisiye."

"Kusiya mwadzidzidzi n'koopsanso, ukudziwa? Mwanayo adabwa nazo."

"Ndati ndisiye, iwe!"

Mawuwo anatuluka mokweza kuposa mmene ankafunira. Mayi wapampando uja anagwiranso mutu wake, kudziteteza zisanachitike.

Zonsezi zinayamba Lolemba kusikelo. Namwino, mayi wamkulu wa magalasi olendewera pachingwe, anamuyeza mimba ndi tepi, analemba, n'kuyezanso. Kenako anabwerera masamba awiri m'mbuyo m'kabuku kake kakuchipatala.

"Mwanayu sakukula mmene timayembekezera," anatero. "Mwezi watha anali m'mbuyo pang'ono. Mwezi uno watsalira kwambiri. Mukudya bwino?"

"Ndikudya."

"Mowa?"

"Ayi."

"Fodya?"

"Ayi, sindisuta."

Sanaone ngati akunama. Koma pobwezera kabuku m'chikwama, kaveipu kanagwa n'kugubuduka mpaka kukaima pa nsapato ya namwino. Namwinoyo anakatola, anakanunkhiza, n'kukaika patebulo pakati pa awiriwo.

"Mwana wanga, chikonga ndi chikonga, kaya chabwera m'ndudu, kaya chavala diresi la mango. Chikalowa mwa inu chimapana misempha imene imapititsa chakudya kwa mwana. Inu mukakoka, iye amamanidwa." Sanakalipe, ndipo n'zimene zinamupweteka kwambiri Kamphepo. "Munayamba muli ndi zaka zingati?"

"Khumi ndi zitatu."

"Khumi ndi zitatu! Anakuyambitsani ndani?"

Kamphepo anayang'ana kalendala ya pakhoma ngati muli yankho. Namwino anadikira, ataona kuti palibe chikutuluka anatseka kabuku.

"Chabwino. Mubwerenso pakatha milungu iwiri tidzayezenso. Koma kuyambira lero, aka ayi."

Atafika kunyumba anafotokozera mwamuna wake zonse. Mwamunayo ankayendetsa galimoto yonyamula buledi, ndipo anali munthu wabwino mtima, koma nkhani zikuluzikulu zinkamulemera ngati thumba la simenti. Za kaveipu ankazidziwa chikwatiranireni, ndipo nayenso ankakhulupirira nkhani ya nthunzi ya m'ketulo ija. Anakalandira n'kulonjeza kuti akakataya kutali popita kuntchito. Kamphepo anamupempha chinthu chimodzi chokha, kuti bambo ake asamve.

Ndiye foni italira m'saluni muja, iye n'kuona kuti ndi bambo, mtima unagunda asanayankhe n'komwe.

"Iwe, ubwere kuno."

"Ndili pantchito, bambo. Ndikaweruka ndi..."

"Sindinati ukaweruke. Ndati ubwere. Mwamuna wako ali pompano, ndipo katundu wako ndili naye patebulo."

Foni inadulidwa. Madamu, amene makutu ake ankamva ngakhale dulaya youmitsira tsitsi ikulira, anamukodola.

"Pita, usanatimalizire makasitomala. Mutuwu aumaliza anzako, ngati mwiniwake akadali ndi tsitsi."

Sanakwere minibasi. Anaona kuti akakhala pansi aphulika, choncho anayenda wapansi, dzuwa likuswa mtengo. Msewu wonse tsiku limenelo unkaoneka ngati wapangana zomuyesa. Mlonda wa pageti ankasuta. Amakaniko awiri ankapatsirana ndudu imodzi. Pakona panali kasitolo kamene ankagulako, ndipo mapazi ake, ozolowera njira, anachepetsa okha liwiro.

"Achemwali, mwasowatu!" wogulitsa anafuula ali m'kati. "Kwabwera tatsopano, tonunkhira mavwende."

"Ndikungodutsa."

Anadutsadi. Atayenda mapazi makumi awiri anaima, anatembenuka, anabwerera mpaka pawindo la kasitoloko, anayang'ana timabokosi tamitundumitundu tondandalikidwa bwino, n'kudzitukwana chamumtima. Anagwira mimba n'kuchokapo mothamanga ndithu, ngati munthu amene waba. Mkwiyo wonse anaukankhira kwa mwamuna wake. Munthu kumupempha chinthu chimodzi, chimodzi chokha!

Bambo ake ankasoka nsapato m'kachipinda kopanikizika, pakati pa wodula makiyi ndi wokonza mawotchi. Anthu ankawatchula kuti a Chidendene, chifukwa munthu akamadutsa pakhomo pawo sankamuyang'ana kumaso koma kuchidendene, n'kumuuza milungu imene nsapato yake yatsala nayo. Zaka zisanu ndi zitatu zapitazo chifuwa chinawagoneka m'chipatala miyezi iwiri. Anatulukamo ataonda, atasiya fodya, ndipo atasanduka mdani wake wamkulu. Wosuta aliyense akaima pakhomo pawo ankamupirikitsa, nsapato yake n'kumuponyera kumbuyo isanasokedwe.

M'kachipindamo munali monga mwa masiku onse. Fungo la guluu linkalandira munthu pakhomo. Nsapato zosatengedwa ndi eni ake zinadzaza mashelefu mpaka kudenga, zina za anthu amene mwina anamwalira kalekale. A Chidendene anakhala pa kampando kawo kafupi, nsapato yakuda ataiveka pa chitsulo chokhomerapo. Patebulo, pakati pa misomali ndi zidutswa za chikopa, panali kaveipu kofiira kaja. Mwamuna wa Kamphepo anali pabenchi ya makasitomala, chipewa chili m'manja, akuyang'ana pansi ngati mwana amene waswa mbale.

"Ndinaona kuti ndekha sindingathe, iwe," anatero mwamunayo, Kamphepo asanakhale n'komwe. "Dzulo unandikalipira chifukwa chopuma mokweza."

"Munapuma mokwezadi."

"Khala pansi," anatero a Chidendene.

Anakhala kumapeto kwa benchi, kutali ndi mwamuna wake. Bambo akewo sanakweze mutu. Nkhani zawo zonse, zokoma ndi zowawa, ankazikamba maso ali pa nsapato.

"Ine ndinkayesa cholembera. Mwamuna wakoyu ndiye wandiuza kuti ndi fodya wotchaja ngati foni. Dziko lapita kutali! Ife fodya ankatinunkhitsa kuti anthu adziwe kuti chitsiru chikubwera. Tsopano amuthira mafuta onunkhira kuti alowe mpaka m'mimba mwa amayi oyembekezera." Anakoka ulusi ndi manja awiri mpaka unalira. "Mdzukulu wanga woyamba, akuti sakukula. Ukudziwa mmene ndamvera? Tsamba likagwa, manyazi amagwira mtengo."

"Ndasiya, bambo. Lero ndi tsiku lachitatu."

"Wasiya chifukwa wagwidwa. Ine ndikufuna kudziwa kumene zinachokera. Ndi kusaluni kwanuko, eti? Atsikana a zikhadabo zazitali aja, otafuna chingamu ngati mbuzi. Nsomba ikawola imodzi, zonse zawola."

Kamphepo analavulira chingamu chake m'dzanja mwakachetechete. Bondo lake linkanjenjemera moti benchi yonse inkagwedezeka, mwamuna wake n'kumagwedezeka nayo. Maso ake ankangobwerera patebulo paja. Kaveipu kanali pafupi, pongotambasula mkono.

"Kapena ndi mafoniwa. Kapena ndi inuyo, bambo," a Chidendene analoza mwamunayo ndi singano. "Munthu kugona naye nyumba imodzi, osaona kuti mkazi akufuka ngati dzala?"

"Ine ndinamupeza akusuta kale, bambo."

"Kale liti? Mwana ameneyu ndinamulera ndekha. Mayi ake atatisiya ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, achibale anati ndimutumize kwa azakhali ake, ine ndinakana. Sindinamusiye azingoyendayenda m'misewu ngati ana a anthu ena. Akaweruka kusukulu ankabwera pompano, pabenchi pomwe wakhalapo, pamaso panga, mpaka titatseka. Anzake oipa akanawapeza nthawi yanji? M'mera mpoyamba, ndipo ine m'mera ndinausamala." Anatsokomola kwa kanthawi, n'kupukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja. "Ndiye undiuze, iwe. Ndani? Tchula dzina lake ndikamuone ndi maso angawa."

Funso limeneli Kamphepo anali atalizemba kwa namwino, ndipo zaka khumi ndi chimodzi ankalizemba ngakhale kwa iye mwini. Bambo akewa ankawakonda. Ndi iwo amene anaphunzira kupesa tsitsi la mtsikana ndi zala za guluu, ndi iwo amene ankamusokera chikwama cha sukulu chaka chilichonse. Anali wokonzeka kutukwanidwa mpaka madzulo kusiyana n'kutsegula pakamwa.

"Ukundimva? Ndani?"



A Chidendene anapumira m'mwamba. Anavula nsapato ija pa chitsulo, anaiyang'ana uku ndi uku, dzanja lawo lamanja n'kutola hamala. Panalibe msomali woti akhome. Hamala inangogwa pa chitsulo chopanda kanthu kawiri, mofulumira. Ngwe! Ngwe!

Kamphepo anapezeka ataimirira. Sanaganize chilichonse. Dzanja lake linakwera pa kashelefu ka pamwamba pa chitseko, zala zinafufuza pakona, phazi limodzi lili kale panja. Zala zinapeza fumbi lokhalokha. Apo m'pamene anazindikira kumene ali, ndi zaka zimene ali nazo, ndi mimba imene inali patsogolo pake.

"Ukupita kuti ndikuyankhula?" anafunsa a Chidendene.

Anatembenuka pang'onopang'ono, akuyang'ana fumbi la pa zala zake.

"Kukakuyatsirani, bambo."

"Kukandiyatsira chiyani?"

"Mwamenya kawiri."

Mwamuna wake anayang'ana mkazi wake, anayang'ana apongozi ake, osamva mutu wa nkhani. Koma a Chidendene anamva. Hamala inatsala m'mwamba.

Masiku amenewo, pamene ankasutabe, a Chidendene anali ndi lamulo limene ankanyadira: machesi sankalowa m'kachipindamo. Ali mnyamata anaonapo chitini cha guluu chikulilima moto m'manja mwa amene anawaphunzitsa ntchito, ndipo kuyambira pamenepo ankaopa lawi kuposa njoka. Komanso zala zawo zinkakhala zomata tsiku lonse, moti akagwira ndudu pepala linkang'ambika. Ndiye anapeza nzeru. Paketi inkakhala pa kashelefu ka pamwamba pa chitseko. Fodya akawagwira, ankamenya chitsulo kawiri ndi hamala, poti nthawi zambiri m'kamwa munkakhala misomali. Mwana ankasiya kope lake pabenchi, kusolola ndudu imodzi, kuthamangira kwa mayi wogulitsa tiyi zitseko zinayi kuchokera apo, kuyatsa pa mbaula, kubwerera, n'kuiika pamilomo pa bambo ake. Mayi wa tiyi uja ndi amene anamupatsa dzina loti Kamphepo, chifukwa cha liwiro lake. Anthu onse a mumzerewo ankamuyamikira kuti ndi mwana womvera.

"Tsiku loyamba ndinafika nayo itazima," Kamphepo anatero. "Mukukumbuka? Munandibweza. Kachiwiri inazimanso, chifukwa cha mphepo ya m'kanjiramu. Ndiye munati, uzikoka pang'ono panjira kuti isazime."

"Kukoka pang'ono chabe..."

"Kawiri pa mbaula kuti igwire. Kawiri pa wokonza mawotchi. Kamodzi pakhomo pano. Masiku a sukulu kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. Patchuthi, tsiku lonse. Zaka zitatu, bambo. Poyamba ndinkatsokomola, inu n'kumaseka. Kenako ndinasiya kutsokomola. Kenako ndinayamba kumvetsera hamala. Mukachedwa kumenya, ndinkalephera kulemba masamu." Misozi inatsika, ndipo sanaipukute. "Inu mutagonekedwa m'chipatala, munasiya. Aliyense anakuyamikirani. Ine palibe amene anandiuza kuti ndisiye, chifukwa palibe amene ankadziwa kuti ndinayamba."

Kunja wodula makiyi anayatsa makina ake, analira, n'kuzima. A Chidendene anatsitsa hamala pang'onopang'ono n'kuiika pamwendo. Anayang'ana dzanja lawo ngati lachilendo.

"Sindinadziwe kuti ndamenya," anatero motsitsa mawu. "Limachita lokha. Mtima ukangokwera, fodya amabwera, dzanja n'kumenya. Zaka zisanu ndi zitatu, limamenyabe. Kungoti kuno kulibe amene amadzuka."

Aka kanali koyamba kuti Kamphepo amve bambo ake akuvomera kuti fodya amawafunabe. Nthawi zonse ankakamba ngati anangomuvula ngati malaya.

Mwadzidzidzi anatola kaveipu kaja, anakaika pa chitsulo, n'kukweza hamala ndi mphamvu zawo zonse. Mwamuna wa Kamphepo analumpha n'kuwagwira mkono.

"Ayi bambo! Muli batire m'menemo, liphulika! Ndi guluu yenseyu titha tonse!"

A Chidendene anamuyang'ana, anayang'ana zitini za guluu, n'kutsitsa mkono. Mwamunayo anakatola ndi zala ziwiri n'kunena kuti akakasiya kwa wokonza mafoni amene amasunga mabatire akufa, ndipo ulendo uno akakasiyadi.

"Pitani," anatero a Chidendene. "Mutengeni akapume."

"Bambo..."

"Pita, mwana wanga."

Sanamuyang'ane. Anaveka nsapato yakuda ija pa chitsulo, koma Kamphepo atacheuka ali panja anaona kuti sakusoka. Anangokhala, manja ali pamaondo.

Njira yonse yobwerera kunyumba anadziimba mlandu. Akanangoti ndi kusaluni, nkhani ikanatha. Nkhalamba ikanatukwana atsikana a zikhadabo mpaka kukhuta, n'kugona tulo tabwino. Tsopano anaisenzetsa katundu amene sakanatha kumutula kulikonse. Madzi akatayika saoleka. Ndipo choipa kwambiri n'chakuti ngakhale m'kati mwa chisoni chonsecho, pakamwa pake pankafunabe mango. Anadzida yekha chifukwa cha zimenezo.

M'mawa mwake, tsiku lachinayi, anadzuka mutu ukuwawa ngati aumanga ndi waya. Anakangana ndi ketulo, anakangana ndi chitseko, anavala bulauzi mozondoka. Podutsa pa kasitolo kaja anawoloka msewu n'kuyenda mbali inayo, akuwerenga mapazi ake mokweza ngati wamisala. Kusikelo kunali kutatsala masiku khumi ndi limodzi, ndipo sankaona mmene angafikire ngakhale masana.

Atakhota pakona ya saluni anamva mawu a Madamu ali pamwamba.

"Ndati pano ndi pa saluni, bambo, si pamsika! Makasitomala anga azilowa akudumpha nsapato zakutha?"

"Makasitomala anu omwewo zidendene zawo zatha mbali imodzi. Taonani chanucho, chatsala milungu iwiri."

Pakhonde la saluni, pafupi ndi chitseko, panali kampando kafupi, chitsulo chokhomerapo, bokosi la zida ndi thumba la nsapato. A Chidendene anali atakhala kale, epuloni yawo yachikopa ili pamwendo. Zonsezi anazinyamula okha pa minibasi, ndi chifuwa chawocho. Zaka makumi atatu anali asanatsekepo kachipinda kawo tsiku la ntchito, kupatula miyezi iwiri ya m'chipatala ija.

"Bambo, mukutani kuno?"

"Ndasamuka. Milungu iwiri, kapena mpaka namwino wakoyo atanena kuti tepi yayenda." Anatembenukira kwa Madamu. "Mayi, mwanayu ndinamulakwira ndine. Ndiloleni ndikhale pano. Nsapato za atsikana anu onse ndisoka ulere, ngakhale za wa zikhadabo uyo."

Madamu anayang'ana chidendene chake, anayang'ana Kamphepo amene maso ake anali ofiira, n'kupukusa mutu.

"Guluu wanuyo akanunkha m'kati muno, ndikuthirani madzi a shampu."

Atalowa Madamu, a Chidendene anakodola mwana wawo kuti awerame. Ulendo uno anamuyang'ana kumaso, osati kuchidendene.

"Tamvera. Anthu ndimawauza kuti ndinangosiya. Ndi bodza. Mwezi wathunthu ndinkafuna kuluma munthu. Koma ndinaphunzira chinthu chimodzi. Chilakolako chimenechi chili ngati minibasi. Imaima, kondakitala amakuwa, amakukoka malaya, koma ukapanda kukwera imatopa n'kupita. Ina imabwera, inde, koma nayonso imapita. Chovuta n'kuima pasiteji wekha." Anatsokomola. "Ndiye ikakuimira, usalimbane nayo chamumtima mpaka kuzula anthu tsitsi. Menya chipeso pampando kawiri. Ine ndimva. Tiziyenda mpaka pa mpope uko n'kubwerera, mpaka idutse."

"Bambo, inu ndi chifuwa chanucho? Imabweratu pafupipafupi."

"Iwe unkadzuka kangati?"

Kamphepo analowa, anavala epuloni, n'kuyamba mutu woyamba, wa mtsikana wa sukulu amene ankafuna mizere yopita kumbuyo. Mzere woyamba unayenda bwino. Wachiwiri unayenda. Kunja kunkamveka bambo ake akukangana ndi bambo wina wa tayi amene anavula nsapato imodzi n'kuima ndi mwendo umodzi atagwira chipilala. Ali pa mzere wachisanu, mnzake uja anatulukira khomo lakuseri. Pobwerera, mango analowa naye.

Minibasi ija inaima pomwepo. Zala zinauma, thukuta linatuluka pamphuno, dzanja linalowa m'thumba lopanda kanthu lija. Anayang'ana khomo lakuseri. Linali pafupi, mapazi asanu okha, ndipo ankadziwa windo limene kanali. Anachita manyazi kuitana munthu wamkulu pa nkhani yotere, pamaso pa anthu onsewa. Kenako mwana anasuntha m'mimba, pang'ono chabe, ngati munthu wotembenuka m'tulo.

Anagwira chipeso n'kumenya pa chitsulo cha mpando kawiri.

Sanamenye mwamphamvu, ndipo dulaya inali ikulira. Koma kunja kampando kafupi kanagwa. A Chidendene anatulukira pakhomo, singano ili m'dzanja, akupuma movutikira chifukwa chodzuka mofulumira.

"Nanga nsapato yanga?" anafuula bambo wa tayi, akadali pa mwendo umodzi.

"Imani choncho, zimalimbitsa msana!"

"Taonani," anatero Madamu akuseka, ngakhale maso ake sankaseka kwenikweni. "Kamphepo wina uyu, koma wokalamba."

Anatuluka awiriwo n'kuyamba kuyenda cha ku mpope, mwana patsogolo pang'ono chifukwa miyendo inkamuyabwa, bambo m'mbuyo akuyesetsa kumupeza. Pofika pa mpope Kamphepo anamwa madzi ndi manja, anasamba kumaso, n'kuima kudikira kuti bambo ake apezenso mpweya. Pobwerera anayenda pang'onopang'ono, mofanana. Asanafike pakhonde anazindikira kuti chilakolako chija chamusiya.

"Yapita?" anafunsa a Chidendene.

"Yapita."

"Ibweranso."

"Ndikudziwa."

Anabwerera pa mutu wa mtsikana wa sukulu uja, bambo ake n'kudzutsa kampando kawo. Tsiku limenelo chipeso chinalira kasanu ndi kanayi, ndipo kasanu ndi kanayi konse a Chidendene anasiya nsapato n'kudzuka.